Kodi atsikana a timu ya dziko ya basketball amawasankha bwanji?

Mayi wa ku Kapata:
Abale, atsikana akaitanidwa kukampu ya timu ya dziko ya U18 (ya osapitirira zaka 18), makochi amayang'ana chiyani pochotsa ena? Kapena ndi kugoletsa kokha?

Kochi wa ku Katete:
Ayi amayi. Pa mpikisano wa FIBA, bungwe loyendetsa basketball padziko lonse, timu imalembetsa osewera 12 okha, ndiye kaya aitane angati, ena adzabwerera ndithu. Ndipo satenga ogoletsa okhaokha, amadzaza malo: oyendetsa mpira awiri kapena atatu, osewera m'mbali, ndi ataliatali oima pansi pa ring'i. Mtsikana waluso angathe kutsala chifukwa pamalo pake pali kale anthu, mnzake wosagoletsa kwambiri n'kulowa poti amatchinga bwino ndi kutola ma rebound (mpira wobwerera ukalephera kulowa mu ring'i). Mpweya nawonso. Masewero ndi makota 4 a mphindi 10. Wotopa amayamba kugwira anzake ndi manja, mafaulo akakwana 5 watuluka.

Mphunzitsi wa ku Petauke:
Musaiwale mapepala, amayi. Zaka amawerengera chaka chobadwa, osati mwezi. Tsiku lobadwa lifanane pa satifiketi, pa NRC ndi pa pasipoti, likasiyana mwana atsala ngakhale akhale katswiri. Pasipoti yambani kuitsatira kampu isanayambe.

Wa ku Lundazi:
Kuwonjezera apo, akazi amasewera ndi mpira wa saizi 6, osati 7 wa amuna. Wozolowera wolemerawo amaponya mopitirira. Aphunzirenso kudunda ndi dzanja lamanzere, makochi amaziwona tsiku loyamba lomwe.