Kodi maganizo a ndale amayenda m'magazi?

Make Mapasa, Luchenza:
Abale, ndithandizeni. Ndili ndi mapasa aamuna ofanana kwambiri, a zaka 24. Wina amathyola tiyi ku esiteti, mnzakeyo amagulitsa mafoni ku Limbe, ndipo sakumana pafupipafupi. Koma ikabuka nkhani ya chilango cha imfa kapena yoti akazi azilamulira, amayankha chimodzimodzi. Mlongo wawo, wokulira m'nyumba yomweyi, amawatsutsa zonse. Bambo awo akuti ndi magazi. Zoona zimenezi?

Aphunzitsi a ku Chonde:
Mayi, bambowo sanaphonye kwenikweni. Akatswiri amayerekeza mapasa a dzira limodzi, omwe DNA yawo (uthenga wa chibadwa wa m'thupi) ndi imodzi, ndi mapasa a mazira awiri, omwe amagawana pafupifupi theka la zotengera kwa makolo. Onsewa amakulira khomo limodzi, ndiye ngati oyambawo akugwirizana maganizo kuposa enawo, amati chibadwa chalowererapo. Eaves ndi Eysenck anayesa njirayi ku Britain mu 1974. Mu 2005, Alford, Funk ndi Hibbing anaunika mayankho a mapasa zikwizikwi a ku America ndi ku Australia, napeza kuti mtima wokakamira zamakolo kapena wokonda zatsopano umatengerako ndithu ku chibadwa. Koma pa chipani chimene munthu amatsatira, chibadwa chinaoneka chofooka. Chipani chimaphunziridwa pakhomo.

Wakabaza wa pa Bvumbwe:
Haha, abwere adzayesere pa Goliati! Mapasa, azisuweni, apongozi, ambiri amachonga pa chimanga basi. Si magazi amenewo achimwene, ndi kwathu kwa Bingu.

Nasibeko wa ku Muloza:
Ine kafukufukuyu ndimamukayikira. Mapasa ofanana timawaveka malaya amodzi, kusukulu amakhala benchi limodzi, anthu amawaitana dzina limodzi. Ndiye akalingalira zofanana tizidabwa? Make Mapasa, mtsikanayo munamulera ngati anyamatawo? Iye ankatunga madzi iwo ali ku mpira.

Aphunzitsi a ku Chonde:
Nasibeko, mfundo yanuyo ndi imene katswiri wina, Evan Charney, anatsutsira nayo kafukufukuyu mu 2008. Ena amamuyankha ndi mapasa olekanitsidwa ali akhanda, amene Thomas Bouchard anayamba kuwafufuza ku Minnesota, ku America, mu 1979, ndipo nawonso ankafanana pa kukakamira miyambo. Koma oterewa ndi ochepa. Wakabaza nayenso wanena zanzeru: pamene mudzi wonse uvotera kumodzi, mapasa a mitundu yonse iwiri afanana, ndipo njirayi singakuuzeni kanthu.

Make Mapasa, Luchenza:
Nasibeko mwandilasa, madziwo ankatunga yekhadi. Komabe bambo awo ndiwawerengera za Minnesota zokhazo, apo ayi tikangana mpaka usiku.