Thandizeni: pulojekiti ya chaka chomaliza pa FFmpeg, mbali ya mawu

Tadala_CS4

Akuluakulu, muli bwanji pagulu pano? Ndili chaka chomaliza cha Computer Science ndipo mutu wa pulojekiti ukufunika kumapeto kwa mwezi uno. Aphunzitsi athu anena poyera kuti atopa ndi "system ya ku laibulale" ndi "system ya ku famase". Akuti tipeze pulogalamu ya open source yomwe anthu akuigwiritsa kale ntchito, tikonzepo kanthu kooneka. Ine ndasankha FFmpeg, pulogalamu yosinthira ndi kukonzera mafayilo a mawu ndi kanema, mbali ya mawu.

Sikuti ndangoitola pamsewu. Pa holide ndimathandiza pa wailesi ina yaing'ono ya m'dera kwathu. Atolankhani amatumiza ma voice note pa WhatsApp, ine ndimawasandutsa kuchoka ku Opus kupita ku WAV ndi FFmpeg, n'kuwadutsitsa mu loudnorm kuti asakhale wina wonong'ona wina wokuwa. Lamulo limodzi lomwelo ndalilemba mwina kambirimbiri, koma mkati mwa code sindinalowemo n'kamodzi komwe.

Maganizo ndili nawo atatu. Loyamba, lomwe mtima wanga uli pamenepo: FFmpeg 8.0 yomwe inatuluka mu Ogasiti 2025 inabwera ndi filter ya whisper yosandutsa mawu kukhala zolemba, ndiye ndimafuna izimva Chichewa. Lachiwiri ndi kuchotsa phokoso la mvula pa malata, pakuti studio yathu ilibe siling'i ndipo Januwale akafika pulogalamu ya alimi imamveka ngati tikukazinga chimanga. Lachitatu ndi laling'ono, mwinanso lochititsa manyazi: magetsi akazima n'kuyatsa jenereta, mawu onse ojambulidwa amakhala ndi kulira kwa "mmmm" pansi pake. Ndayesa bandreject, filter yodula frequency yomwe mwaiuza, pa 50 Hz, nthawi zina kumachoka, nthawi zina ayi, sindidziwa chifukwa chake.

C ndimaidziwa ya m'kalasi basi. Laputopu ndi ya RAM 8 GB, ilibe GPU. Nthawi ndi miyezi isanu. Ndisankhe liti? Ndipo kodi zimenezi zingandilowetse ku Google Summer of Code (GSoC), ndondomeko ya Google yolowetsa anthu atsopano m'mapulojekiti a open source?

Kondwani_Jozi

Mchemwali, loyambalo lisiyeni. Filter ya whisper mu FFmpeg ndi khomo chabe, imangotenga mawu n'kupereka ku whisper.cpp, pulogalamu ina yapadera. Chomwe chimamva chiyankhulo ndi model ya OpenAI, yomwe anaiphunzitsa ndi mawu a maola 680,000. Pa ndandanda wa ziyankhulo zake Chiswahili chilipo, Chishona chilipo, Chilingala chilipo, Chichewa palibe. Kuti imve Chichewa mufunika maola ochuluka a mawu olembedwa bwino liwu ndi liwu, komanso GPU. Mutazipeza zonsezo, mu FFmpeg simudzasinthamo mzere ndi umodzi womwe. Ndi ntchito yabwino, koma si yomwe aphunzitsi anu apempha.

Lachitatu lomwe mukuchita nalo manyazilo ndiye pulojekiti. Ndibweranso ndikaweruka.

Bambo_Mixer

Mwana wanga, ine ndagwira ntchito m'ma studio zaka zoposa 20. Musanalembe code iliyonse pitani mukaone mawaya. Hum yambiri, kulira kwa "mmmm" mukunenako, imabwera chifukwa mikisa yalumikizidwa pa soketi ina, kompyuta pa ina, earth yake yosiyana kapena kulibiretu. Ikani zonse pa extension imodzi, maikolofoni akhale pa waya wa XLR osati tima jack ta mu msika, pakati pa kompyuta ndi mikisa muikepo DI box. Hum yambiri imathera pomwepo. Achinyamata a masiku ano mumafuna kuchiza ndi kompyuta matenda a soldering iron.

Tadala_CS4

Zikomo bambo, zimenezo ndikawauza a tekinishani athu. Koma nanga zomwe zinajambulidwa kale? Tili ndi hard drive yodzaza ndi zokambirana ndi mafumu ndi agogo a m'midzi, ena mwa iwo anatisiya. Amenewo sitingawajambulenso.

Bambo_Mixer

Apo ndiye mwanena. Pitirizani.

Mphwanga_wa_Zomba

Ingopangani system ya ku laibulale muisinthe dzina ikhale "audio library", mudzandithokoza pa graduation 😂

Kondwani_Jozi

Ndabwera. Chifukwa chomwe bandreject yanu imagwira lero mawa n'kukana ndi ichi. Magetsi a kwathu ndi a 50 Hz, ndipo a pa gridi sasuntha kwenikweni. Jenereta yaing'ono ya petulo imapereka 50 Hz pokhapokha injini ikuzungulira ka 3000 pa mphindi. Wina akayatsa ketulo kapena furiji ikadzuka, injini imalemedwa. Tinene yatsika kufika 2900: gawani ndi 60, mupeza 48.3 Hz. Filter yanu yaima pa 50 ngati mlonda wodikira pa geti pomwe wakuba walowera ku mpanda.

Ndipo hum siyenda yokha, ili ndi ana ake pa 100, 150, 200, 250, kumangokwera. Ana amenewa ndi omwe amamveka kwambiri pa wailesi ya m'manja, chifukwa sipika yaing'ono 50 Hz siyitulutsa n'komwe. Tsono mayi akasuntha pang'ono, ana amasuntha kwambiri: 48.3 kuchulukitsa kasanu ndi 241.7, kutali ndi 250 ndi ma Hz oposa 8. Mukakulitsa notch, kampata komwe filter imadula, kuti muwagwire onse, mwadya mawu a munthu.

Pulojekiti yanu ikhale filter yomwe imayamba yapeza pomwe hum ili, n'kumaitsatira ikamasuntha, n'kumaika ma notch opyapyala pa iyo ndi ana ake. Popeza mukudziwa kale kuti ili pakati pa 45 ndi 55, simufunika FFT yaikulu yoyeza ma frequency onse. Werengani za Goertzel algorithm, ya 1958, yomwe mafoni amazindikirira batani lomwe mwadina. Muonenso anlms, yomwe ili kale mu FFmpeg: imadzisintha yokha koma imafuna mawu olowa awiri, wachiwiri wokhala chitsanzo. Mu lipoti lanu mudzafunika kufotokoza kusiyana kwa njira yanu ndi imeneyo. Lembani ffmpeg -filters muwerenge ndandanda wonse musanayambe, kuopa kupanga chomwe chilipo kale.

Zonsezi laputopu yanu ikwanitsa, ngakhale batire ili pa 20%.

NaBanda_Linguist

Ine za code sindizidziwa, ndinaphunzira za ziyankhulo, koma pali chomwe chandidetsa nkhawa. Chichewa chimasiyanitsa mawu ndi kukweza kapena kutsitsa liwu. Mtengo wa mango ndi mtengo wa sopo timalemba chimodzimodzi, kusiyana kuli pa kamvekedwe. Liwu la bambo wamkulu limayambira cha m'ma 85 mpaka 180 Hz, ndiye 100 ndi 150 zomwe mukufuna kudulazo zili pakati penipeni. Agogo a pa hard drive aja simuwasandutsa achilendo?

Kondwani_Jozi

Funso labwino mayi, koma khutu ndi lochenjera kuposa pamenepo. Foni yakale ya landline inkadutsitsa mawu a pakati pa 300 ndi 3400 Hz okha, pansi ponse inkataya, koma palibe anasokoneza mtengo ndi mtengo pa foni. Ubongo umamva kukwera kwa liwu kuchokera ku ana a pamwamba aja, ngakhale mayi atachotsedwa. Chomwe chimaonongeka ndi kulemera kwa liwu, munthu amamveka ngati akuyankhulira m'chitini. Palinso vuto lina: notch ikapyapyala kwambiri imalira yokha kwa kanthawi, ngati belu, mawu amphamvu akaigunda.

NaBanda_Linguist

Ndamva, koma ndisangokhulupirira. Tadala, muyese. Jambulani anthu akunena mawu awiriawiri otere, mtengo ndi mtengo, khungu la pathupi ndi khungu la maso, muwadutsitse mu filter yanu, anthu 20 amvetsere anene chomwe amva. Mawuwo ndikusankhirani ine, ndi a zigawo zosiyana, chifukwa wa ku Kasungu ndi wa ku Mulanje sakweza mofanana.

Tadala_CS4

Mayi, mwandipatsa chaputala chonse cha evaluation osadziwa. Ndikulemberani ku inbox.

Yamikani.rs

Ine ndikutsutsa pang'ono. Bwanji FFmpeg? Code yake ndi ya kuyambira 2000 pomwe Fabrice Bellard anaiyamba, C yokhayokha ndi assembly, ndipo oyang'anira ake sanyengerera poyankha patch. GStreamer, framework ina ya mawu ndi kanema, ili ndi gst-plugins-rs komwe mumalemba plugin m'chiyankhulo cha Rust. Muli kale audioloudnorm, audiornnoise ndi ebur128level zoti muonerepo. Plugin yanu imakhala payokha, simudikira munthu kuti aivomereze musanaigwiritse ntchito, ndipo Rust ikugulitsani bwino pofuna ntchito kuposa C.

Za mvula zija musazitaye. Filter ya FFmpeg yochotsa phokoso, arnndn, imagwiritsa ntchito ma model a RNNoise ya Jean-Marc Valin, ndipo model yake ndi yaing'ono zedi, si ngati Whisper. Mutajambula mvula ya pa malata maola angapo n'kusakaniza ndi mawu oyera, mukhoza kuphunzitsa model yanuyanu.

Kondwani_Jozi

Achimwene, miyezi isanu aphunzire Rust, aphunzire GObject yomwe GStreamer inamangidwapo, aphunzire DSP (masamu okonzera mawu pa kompyuta), alembenso lipoti? Borrow checker ya Rust yokha imudyera mwezi. Iye FFmpeg akuigwiritsa kale ntchito ndipo ku wailesi kwawo ndi yomwe ili pa kompyuta. Za mvula ndikuvomera kuti n'zotheka, koma onani kalendala: mvula yeniyeni ndi Disembala mpaka Malichi. Akapereka mutu pano, data adzaipeza nthawi yolemba lipoti itakwana. Komanso akatero wapanga fayilo ya model, code ya framework sanaikhudze, vuto lomwe lija la whisper.

Yamikani.rs

Za kalendala mwandigwira. Koma pa Rust sindikugonja, tidzakambirana tsiku lina.

Chisomo_Embedded

Tadala, ine ndinayesapo kulemba filter ya FFmpeg chaka chatha, ndikuuzeni pomwe ndinapunthwa. Tsiku loyamba musalembe kanthu, ingotengani code ndi git clone --depth 1 kuti bundle isathe, mupange ./configure ndi make mpaka ffmpeg yanuyanu ituluke. Ikadandaula za nasm, ikani nasm. Kenako werengani doc/writing_filters.txt. Chitsanzo chake ndi cha kanema koma njira ndi yomweyo. Mafayilo a mawu ali mu libavfilter ndipo amayamba ndi af_. Tsegulani af_biquads.c, ndi momwe muli bandreject yanu ija pamodzi ndi highpass ndi lowpass. Poyamba ioneka ngati chiyankhulo cha mizimu chifukwa cha ma macro, musathawe.

Filter yanu yoyamba ingotenga mawu n'kuwabweza osasintha. Muilembetse mu allfilters.c ndi mu Makefile. Ine ndinaiwala Makefile, ndinakhala usiku wonse ndikutukwana linker. Ikaoneka pa ffmpeg -filters, gulani Fanta, mwadutsa pagawo lomwe ambiri amasiyira.

Poyesa musayambe ndi zojambula zenizeni. Pangani hum yanu ndi aevalsrc, yomwe mukudziwa kuti ikuyenda kuchoka pa 50 kutsika 48 m'masekondi 10, muisakanize ndi mawu oyera pogwiritsa ntchito amix. Mukatero muli ndi yankho m'manja, mutha kuyeza kuti filter yalondola kapena yasochera ndi ma Hz angati. Chinanso, kumbukirani kuti mawu amabwera m'tizidutswa, ma frame, ndiye zomwe filter ikukumbukira ziyenera kusungidwa kuchoka pa frame ina kupita pa ina, channel iliyonse payokha. Mukaiwala mudzamva "tik tik tik" pa malire a frame iliyonse. Ine ndinamva.

Tadala_CS4

Izi ndasunga zonse. Nanga za Google Summer of Code palibe wandiyankha.

Kondwani_Jozi

Musamange pulojekiti ya sukulu pa GSoC, masiku ake sayenderana ndi a koleji ndipo kusankhidwa si kwanu. Mafomu amatsegulidwa cha m'ma Malichi, mabungwe amasankhidwa chaka ndi chaka, ndipo mapulojekiti amakhala a maola 90, 175 kapena 350. Kuyambira 2022 safunanso kuti mukhale pa sukulu, bola zaka 18 ndipo ndinu watsopano ku open source, choncho ngakhale mutamaliza digiri khomo likadali lotsegula. FFmpeg imafuna qualification task, kanthu kakang'ono kosonyeza kuti mutha kulemba patch yovomerezeka. Munthu amene walemba kale filter, ndi zofotokozera zake mu doc/filters.texi ndi test ya FATE (dongosolo loyesera code ya FFmpeg), amafika ali patsogolo. Ndipo ntchito za mawu zimachokeradi kumeneko: encoder ya AAC ya FFmpeg inakonzedwa kwambiri ndi Rostislav Pehlivanov pa GSoC ya 2015, ndipo pofika FFmpeg 3.0 mu 2016 inasiya kutchedwa yongoyesera.

Koma kwa aphunzitsi anu musalonjeze kuti "filter idzalowa mu FFmpeg". Lonjezani kuti mudzailemba, mudzaiyeza, mudzaitumiza. Patch ikhoza kubwezedwa kasanu chifukwa cha ma tab okha, iwo amafuna mipata inayi. Ndipo musakope code ya munthu pa GitHub osaona laisensi, FFmpeg ndi ya LGPL ndipo amafunsa.

Bambo_Mixer

Mukamaliza munditumizire ndiyese. Ndili ndi matepi a kwaya a m'ma 1990 omwe ndinawasamutsira pa kompyuta, hum yake ngati njuchi mu mgolo. Koma mawaya aja mukaonebe.

Tadala_CS4

Ndabweranso akuluakulu. Dzulo ndinatenga fayilo imodzi ya pa hard drive ija, agogo ena akufotokoza za njala ya 1949, ndinaidutsitsa mu showspectrumpic, filter yojambula chithunzi cha ma frequency a mawu, nditadula zonse za pamwamba pa 400 Hz. Mizere ikuoneka bwinobwino, isanu, yokhotakhota ngati njira ya njoka pa mchenga. Pa mphindi ya 12 yonse ikugwera pansi limodzi kwa masekondi ngati 40 kenako n'kubwerera. Ndawaimbira a tekinishani, aseka, akuti imeneyo ndi nthawi yomwe ankayatsa ketulo ya tiyi wa alendo.

Chithunzicho ndachiika pa tsamba loyamba la proposal. Achimwene a Chisomo, ./configure yaima pa 'nasm not found or too old' ngakhale ndaika nasm, ndiponye screenshot pompano kapena ku inbox?

Chisomo_Embedded

Pompano, ena aphunzirepo. Muonetsenso zomwe nasm -v ikunena.