Nyenyezi zothothoka za mu Meyi ndikazionere kuti?

Abale, ndithandizeni nzeru. Ndikufuna kuonera nyenyezi zothothoka za Eta Aquariids, zija zimachokera ku fumbi la nyenyezi yamchira yotchedwa Halley, zomwe zimachuluka cha pa 5 ndi 6 Meyi. Mu Disembala ndinachezera pakhonde kuno ku Blantyre kudikira za Geminids, koma mitambo ya mvula inatseka kumwamba konse, ine n'kungodyedwa ndi udzudzu basi.

Ndiye mdima weniweni ndikaupeza kuti? Pamwamba pa phiri la Zomba ndikuopa nkhungu. Ku Senga Bay kum'mawa kuli poyera, nyanja yokhayokha, koma kodi nyali za asodzi a usipa sizisokoneza maso?

Nanga ndidzuke 3 koloko kapena 4 m'bandakucha? Amene munayesapo, mwezi ukawala zimaonekabe?