Kodi St George yakale ndi Penrith ya lero tingaziike pa sikelo imodzi?

Wofunsa:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. St George inatenga chikho cha masewera a rugby league ku Sydney, m'dziko la Australia, zaka 11 zotsatizana, kuyambira 1956 mpaka 1966, pomwe Penrith yachitenga kanayi motsatizana, kuyambira 2021 mpaka 2024. Kodi pamenepa tinganene kuti Reg Gasnier ndi Johnny Raper a St George anali akatswiri oposa Nathan Cleary ndi anzake a Penrith?

Woyankha woyamba:
Manambalawo asakukopeni, achimwene, chifukwa malamulo anali osiyana kwambiri. M'masiku a St George panalibe malire a ma tackle (kuti osewera a timu agwetsedwe kangati isanalandidwe mpira), moti timu yamphamvu inkatha kukakamira mpira kwa nthawi yaitali, anzawo n'kumangogwetsa munthu ndi munthu mpaka miyendo kulefuka. Lamulo la ma tackle anayi litayamba mu 1967, chikho chinapita ku South Sydney chaka chomwecho, ndipo mu 1971 anawonjezera kufika pa 6. Komanso Penrith yapambana pamene pali malire a ndalama zolipira osewera, zomwe zakhala zikuilanda akatswiri ake pafupifupi chaka chilichonse. Kwa ine, zikho zinayizo si zopepuka.

Woyankha wachiwiri:
Mfundo yanu ndaimva, koma mukuwachepetsa akale aja. Ambiri mwa iwo ankagwira ntchito zina masana n'kumakonzekera masewera madzulo, pomwe a lero amadya za mpira wokhawokha, ali ndi madokotala ndiponso makanema oonera zofooka za adani awo. Gasnier akanapatsidwa zonsezi, sindikukhulupirira kuti liwiro lake likanagwidwa mosavuta. Kumbukiraninso John Sattler wa South Sydney, amene anasewera fainolo ya 1970 nsagwada itathyoka. Lero madokotala akanamutulutsa, ndipo akanachita bwino kutero.

Woyankha wachitatu:
Chomwe chimandivuta ine n'chakuti ngakhale ntchito ya malo amodzi inasintha. Hooker wakale ankadziwika ndi kukokera mpira kumbuyo ndi phazi mu scrum (pomwe osewera a matimu onse awiri amakankhana atawerama), mitu ikugundana, pamene Cameron Smith, hooker wa zaka zaposachedwa yemwe anasewera masewera 430 mu NRL (ligi yaikulu ya ku Australia), ankatola mpira kumbuyo kwa wogwetsedwa n'kusankha kopita nawo ngati woyendetsa timu yonse. Dzina la malowo ndi limodzi, koma ntchito ndi ziwiri. N'chifukwa chake ine ndimafunsa kuti munthu anawasiya patali bwanji a m'nthawi yake, ndipo pa muyeso umenewo Gasnier sindimuchotsa pamwamba.