Ndabweranso pa nkhani ya foni ija

Abale anga, mwezi watha ndinadandaula kuti foni ikundidyera nthawi pa ntchito yanga yogulitsa zipangizo zomangira nyumba kuno ku Harare, moti dzuwa limalowa ndisanaimbire ngakhale theka la makasitomala amene ndinawalemba. Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha, makamaka mayi aja amene anati ndisiyanitse nambala ya ntchito ndi ya kunyumba.

Ndinatsatira zomwezo. Ndinagula laini ina, n'kuiika m'foni yachiwiri pamodzi ndi WhatsApp Business. Magulu a mpingo, a maliro ndi a kumudzi ku Dedza anatsala pa nambala yakale, yomwe ndimaiona pa nkhomaliro ndi madzulo basi. Facebook ndinaiikira malire a mphindi 30 pa Digital Wellbeing, mbali ya foni ya Android yochepetsera nthawi yogwiritsa ntchito ma app. Zikakwana, kachizindikiro kake kamangoti mbuu, osatsegukanso.

Sabata yoyamba inali yowawa. Dzanja limangopita lokha m'thumba, ngakhale ndili mu kombi yopita ku Msasa. Pano kuyambira 8 koloko mpaka 10 koloko ndimangoimbira makasitomala, foni yakale ili m'dirowa, ndipo mndandanda umatha.

Achimwene amene munandilangiza zozimitsiratu foni, pepani, sizinatheke. Kasitomala akatumiza ndalama pa EcoCash, njira yotumizira ndalama pa foni kuno ku Zimbabwe, amafuna yankho pompopompo. Chandipepukitsira ntchito ndi ma quick replies, mayankho olemberatu a pa WhatsApp Business: mitengo ya simenti ndi malata ndinailemba kamodzi, pano ndimangodina.

Amene mukufuna kuyesa, auzirenitu abale kuti zadzidzidzi aziimba pa nambala ya ntchito. Ine uthenga wa matenda a azakhali ndinauona mochedwa, ndipo mpaka lero zimandipweteka mumtima.