Ophunzira akudziwa mayina a pachithunzi, koma sakumvetsa

Wofunsa:
Anzanga ophunzitsa sayansi, ndithandizeni nzeru. Ophunzira amakopera chithunzi cha mtima n'kulemba mayina onse molondola, koma mukawafunsa njira imene magazi amadutsa, amasowa chonena. Kodi vuto lili pa kajambulidwe? Komanso zithunzi zingathandize bwanji pa logic (phunziro loyesa ngati mfundo ikutsatirika bwino), poti kumeneko kulibe chiwalo choti n'kujambula?

Wa Biology:
Aphunzitsi, dzina limangonena kuti ichi n'chiyani, silinena chimene chikuchitika. Choncho pachithunzi pakhale mizere ya mitundu iwiri, ndipo isasokonezeke. Mzere wolozera dzina ujambulidwe ndi rula, ukhale wopanda mutu wa muvi, ukafike penipeni pa chigawocho, ndipo isadutsane ndi inzake. Mivi isungidwe kuti isonyeze kuyenda basi.

Musayambe ndi mtima wokongola wa m'buku. Jambulani bokosi, muligawe panayi. Mawu oyamba kulemba akhale "kumanzere" ndi "kumanja", ndipo mbali yakumanzere ya mtima ikhale kudzanja lamanja la pepala, chifukwa mtimawo ndi wa munthu amene mwayang'anizana naye. Ambiri amagwa pomwepa. Kenako ikani mivi yokhala ndi manambala: vena cava, right atrium, right ventricle, pulmonary artery, mapapo, pulmonary vein, left atrium, left ventricle, aorta (atrium ndi chipinda cham'mwamba cha mtima, ventricle ndi cham'munsi, ndipo vena cava, pulmonary artery, pulmonary vein ndi aorta ndi mitsempha ya magazi). Khoma la left ventricle lichindikale kuposa linzake, ndipo pambali pake mulembepo chifukwa chake: limapopa magazi kupita thupi lonse pomwe linalo limangofikitsa kumapapo.

Samalani ndi mitundu. Buluu amasonyeza magazi ochepa okosijeni, koma ana ambiri amatenga kuti magaziwo ndi abuluu. Ndi ofiira moderako. Zimenezi zilembedwe pansi pa chithunzicho. Pomaliza apatseni bokosi lopanda kanthu, aikemo mivi okha uku akufotokoza pakamwa.

Wa Masamu:
Pa logic gwiritsani ntchito mabwalo a John Venn, katswiri wa logic wa ku England, amene anawafotokoza mu 1880. Mabwalo awiri olowana amapereka zigawo zinayi, atatu amapereka zisanu ndi zitatu. Chigawo chimene chimaiwalika ndi chakunja kwa mabwalo onse, n'chifukwa chake muyambe mwajambula bokosi lowazungulira. Dzina lilembedwe m'mphepete mwa bwalo. Mukalilemba mkati, wophunzira amaganiza kuti ndi la kachigawo kameneko kokha.

Malamulo ndi awiri. Chigawo chopanda kanthu chidetsedwe, ndipo X aikidwe pamene tikudziwa kuti pali chinthu ngakhale chimodzi. Tengani mfundo iyi: mbalame zonse zili ndi mapiko, mileme yonse ili ndi mapiko, choncho mileme ndi mbalame. Jambulani mabwalo atatu. Detsani mbali ya bwalo la mbalame imene ili kunja kwa bwalo la zamapiko, muchite chimodzimodzi ndi la mileme. Tsopano yang'anani: patsala kachigawo koyera ka mileme yokhala ndi mapiko koma kunja kwa mbalame. Kachigawo kameneko ndiko kakusonyeza kuti mfundoyo yagwa. Musajambule yankho, jambulani ziganizo ziwiri zoyambazo zokha. Ngati mfundo ili yolondola, yankho limapezeka litajambulika kale. Ndipo ngati simukudziwa kuti X agwere mbali iti, muikeni pamzere wogawa zigawo ziwirizo.

Wa Physics:
Ndiwonjezere chenjezo limodzi: chithunzi chimaphunzitsanso zimene simunafune. Njira imene dziko limadutsa pozungulira dzuwa imajambulidwa yotalika ngati dzira, ndiye ophunzira amati kumatentha chifukwa dziko layandikira dzuwa. Mtunda umangosintha pakati pa makilomita pafupifupi 147 miliyoni ndi 152 miliyoni. Nyengo zimasintha chifukwa dziko n'lopendekeka ndi madigiri pafupifupi 23.5. Jambulani njirayo ngati bwalo, kupendekako kuloze mbali imodzi m'malo onse anayi amene mwaika dziko. Mulembenso kuti kukula kwa zinthu si kwenikweni, poti mulifupi mwa dzuwa mungandandalikemo maiko ngati lathuli pafupifupi 109.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga mayina akhale angati pachithunzi chimodzi?

Wa Biology:
Okhawo amene funso la tsikulo likufuna. Ngati mukuphunzitsa njira ya magazi, mavavu (tizitseko toletsa magazi kubwerera m'mbuyo) adikire chithunzi chachiwiri.