Zithunzi za zitenje zikulemera, ndikazichepetsa zikuonongeka: ndipange bwanji?

Nabanda

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi zithunzi 60 za zitenje zoti ndiike pa webusayiti. Ndi zojambula ndi foni, chilichonse ndi 4000 x 3000 ndipo chikulemera pakati pa 4 ndi 5 MB. Ogula ambiri amatsegula pa foni ndi bandulo yochepa, ndiye ndikufuna chilichonse chisapitirire 200 KB. Ndikatsitsa quality (nambala ya kuoneka bwino kwa chithunzi posunga JPEG) mpaka 30 fayilo ikuchepa ndithu, koma maluwa a pachitenje akuoneka ngati asukuluka. Posita ya mitengo ya katundu, yolembedwa mofiira, nayo ikuchita mbuu m'mphepete mwa zilembo. Pali njira ina?

Mjomba Fulo

Achemwali, mwayambira kumapeto. Quality imakhudzidwa pomaliza, choyamba ndi kuchuluka kwa mapikseli, timadontho tomwe timapanga chithunzi. Chithunzi cha 4000 x 3000 chili ndi mapikseli 12 miliyoni, pomwe sikirini ya mafoni ambiri m'lifupi mwake ndi 720 kapena 1080 basi. Otsalawo wogula amawalipira pa bandulo koma sawaona. Chitsitseni chifike 1600 x 1200, mapikseli atsala 1.92 miliyoni, ndiye kuti achepa kuposa kasanu ndi kamodzi musanakhudze china chilichonse. Ngati ndi zongoonetsa pa mndandanda wa katundu, 1200 x 900 ikukwanira.

Mukatero ikani quality pakati pa 75 ndi 82. Zomwe mukuonazo zikuchitika chifukwa JPEG imadula chithunzi m'timabokosi ta mapikseli 8 x 8, ndipo m'kabokosi kalikonse imataya tinthu ting'onoting'ono tomwe diso silitiona msanga. Mukatsika mpaka 30 imataya zochuluka kwambiri, timabokosi tija n'kuyamba kuonekera, mizere yopyapyala ya pachitenje n'kusanduka phala. Kumtunda nakonso kulibe phindu: kuchoka pa 90 kupita pa 100 fayilo imatupa kwambiri koma ndi maso simungasiyanitse.

Musayembekezere kuti zonse 60 zituluka zolemera mofanana. Chitenje cha timadontho tambirimbiri chimalemera kuposa cha maluwa akuluakulu awiri, ngakhale quality ili imodzi. Zakumbuyo nazo zimadya malo. Chitenje choyanikidwa pa udzu kapena pa khoma la njerwa chimakakamiza JPEG kusunga tsamba lililonse ndi mng'alu uliwonse. Jambulirani pa khoma losalala, masana pamthunzi. Mukajambula mumdima foni imadzaza chithunzi ndi timadontho tonga mchenga, ndipo timeneto timalemetsa fayilo popanda ntchito.

Poyesa, kulitsani chithunzi pa 100% n'kuyang'ana m'mphepete mwa duwa. Squoosh, webusayiti yochepetsera zithunzi, imakuonetsani choyambirira ndi chochepetsedwa moyandikana, ndipo kulemera kwake kumasintha mukamasuntha nambala.

Chekucheku

Za posita ija ndi nkhani ina, ndipo kukweza quality kokha sikuthetsa. JPEG imalekanitsa kuwala ndi mitundu. Mapulogalamu ambiri amasunga kuwala konse, koma mtundu amasunga umodzi pa mapikseli anayi aliwonse, zomwe amazitcha 4:2:0. Pa nkhope ya munthu simungazindikire. Pa zilembo zofiira zokhala pa zakuda kapena pa zabuluu, mtundu umatayikira kunja kwa chilembo ngati inki pa pepala lonyowa.

Posita ya zilembo ndi mitundu yochepa isungeni ngati PNG, yomwe sitaya kalikonse. Ikalemera, ichepetseni mitundu ifike 256 kapena kuchepera apo ndi pulogalamu ya pngquant, kapena mu GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi, pa Image, Mode, Indexed. Posita ya mitundu isanu sifuna mitundu 16 miliyoni. Chenjerani ngati ili ndi mtundu wosintha pang'onopang'ono, monga thambo lamadzulo, chifukwa pamenepo pamatuluka mizeremizere.

Ikakhala ndi chithunzi chojambula mkati, PNG iiwaleni, imalemera zedi. Khalani pa JPEG koma musankhe 4:4:4, yomwe imasunga mtundu wa pikseli iliyonse. Mu GIMP zili pa Advanced Options potulutsa fayilo, pomwe palembedwa Subsampling. Zitenje zofiira kwambiri muziyesenso choncho. Fayilo ikwera pang'ono, koma mtundu ndi umene ukugulitsa nsaluyo.

Mjomba Fulo

Zoona zimenezo. Ndipo zithunzi 60 musamachite chimodzichimodzi. Ikani pulogalamu ya ImageMagick pa kompyuta, kopani zithunzizo mufoda ina, pangani foda yotchedwa zochepa mkatimo, kenako tsegulani terminal (polembera malamulo a kompyuta) mufoda ya zithunziyo n'kulemba:

magick mogrify -path zochepa -auto-orient -resize 1600x -strip -quality 80 *.jpg

Mawu akuti -auto-orient asasowe, ndipo akhale patsogolo pa -strip. Foni imalemba mkati mwa fayilo momwe inagwiridwira pojambula. Mukafufuta zimenezo ndi -strip musanawongole, zithunzi zina zituluka zogona chammbali. Ubwino wa -strip ndi woti imachotsanso malo a GPS, omwe angauze aliyense komwe kuli nyumba yanu. Kuipa kwake, imachotsa ndi profile ya mitundu yomwe. Zithunzi za iPhone zimakhala mu profile ya Display P3, ndiye mukachotsa musanazisinthe kukhala sRGB, profile wamba ya pa intaneti, zofiira zija zizilala.

Ngati 200 KB ndi malire osadumphika, m'malo mwa -quality 80 lembani -define jpeg:extent=200kb. Pulogalamuyo idzisakira yokha quality yokwanira. Koma zitenje za timadontho muziyang'ane bwino, ndi zimene zidzafinyidwe kwambiri.

Namasina

Ndiwonjezere ziwiri zomwe zimapweteketsa anthu. Zoyambirira zija za 4000 x 3000 musazifufute, ndipo musasunge pamwamba pake. JPEG ikatsegulidwa, kusinthidwa n'kusungidwanso, imataya zina nthawi iliyonse, ndipo zotayikazo sizibwerera ngakhale mutaika quality 100. Chithunzi chomwe chadutsa pa WhatsApp chafinyidwa kale. Wina akamakutumizirani zoti mukonze, muuzeni atumize ngati Document.

Chachiwiri ndi nambala ya dpi, kutanthauza madontho pa inchi imodzi posindikiza. Kusintha 300 kukhala 72 osachepetsa mapikseli sikuchotsa kulemera kulikonse, chifukwa nambalayo imangouza printa kukula kwa chithunzi pa pepala. Tsiku lomwe mudzafune kusindikiza pa A4 pa 300 dpi mudzafunika mapikseli 2480 x 3508, ndipo cha 1600 chija chidzatuluka chosaoneka bwino.

Nabanda

Zikomo kwambiri nonse. Nanga WebP yomwe ndikuiona mu Squoosh, ndiigwiritse ntchito?

Chekucheku

Pa webusayiti, inde. Ndi mtundu wina wa fayilo ya zithunzi. Google inaitulutsa mu 2010, Safari inayamba kuitsegula mu 2020, ndipo kawirikawiri imapepuka kuposa JPEG yooneka mofanana. Koma WebP yotaya zinthu imagwiritsa ntchito 4:2:0 nthawi zonse, ndiye vuto la zilembo zofiira lija likutsatani. Pa posita chongani Lossless, yomwe sitaya kalikonse. Mafomu ambiri a pa intaneti komanso malo ena osindikizira amalandira JPG kapena PNG basi, ndiye zotumiza kwa anthu zikhalebe JPG.